Rating ya 1800 siyendetsa kavalo

Loweruka lapitali ndinaonera gemu ya chess m'kalasi ina ku Mtandire, ndipo mpaka lero ikundiwawabe. Anakumana osewera awiri a m'makalabu, wina wa rating 1800, mnzakeyo 1600. Patatha ola limodzi wa 1600 uja anadya kavalo waulere. Tonse tinaona kuti gemu ili m'manja mwake. Mwadzidzidzi anatambasula dzanja: "Akulu, draw bwanji?" Winayo analilandira msangamsanga, ngati wapeza chenje mumsewu.

Nditamufunsa, anati, "Aphunzitsi, amene aja ndi a 1800."

Ine ndikuti analakwitsa, chifukwa sanamvetse chimene nambalayo imanena. Amene anakonza kawerengedwe ka rating ndi Arpad Elo, mphunzitsi wa physics ngati ine ndemwe (kungoti iye ankaphunzitsa pa yunivesite ya Marquette ku America), ndipo bungwe la FIDE linayamba kukagwiritsa ntchito mu 1970. Elo sankati wa nambala yaikulu amapambana nthawi zonse ayi. Masamu ake amati mukasiyana ndi 200, wamkuluyo amayembekezeka kutenga pafupifupi 76 pa mapointi 100 alionse. Otsala 24 aja ndi a wamng'onoyo, ndipo ayenera kuwapeza penapake. Zili ngati mu labu: mukamayeza nthawi ya pendulum, simukhulupirira muyeso umodzi, mumabwereza kenako n'kupeza avareji. Rating ndi avareji ya magemu ambirimbiri akale. Sikudziwa kuti lero mwini wake wagona ndi njala, kapena kuti kavalo wake wapita kale.

Tsopano tengani cholembera. Tiyerekeze kuti gemuyi ikanawerengedwa ndi FIDE, ndipo nambala yochulukitsira, yotchedwa K, ndi 20. Akanapambana wa 1600, bwenzi atapeza 20 × (1 − 0.24), pafupifupi 15. Akanagonja, akanataya 20 × 0.24, osakwana n'komwe 5. Draw ija ikanamupatsa 5. Mwaona? Amene anali ndi zambiri zotaya ndi wa 1800 uja, nchifukwa chake analandira dzanja mosachedwa.

Ena anena kuti draw ndi munthu woposa iwe si yonyozeka. Zoona, ngati mphamvu pa bolodi zili zofanana. Koma apa kavalo anali kale pambali pa bolodi, ndipo pa wotchi yake panali patatsala mphindi 20.