Tiphunzire Chingerezi: Mau Atali a pa Kalata ya Dotolo

Abale anga a m'migodi, sabata ino tikambe za mau atali aja a Chingerezi amene amationetsa chizungulire pa makalata a dotolo ndi a ku ofesi. Ambiri a ife tikaona liu lotalika ngati njanji timangopinda kalatayo ndi kuiika m'bokosi, osadziwa kuti m'menemo muli nkhani ya mapapu athu ndi ndalama zathu.

Nzimbe sitimeza yathunthu, timaidula mfundo ndi mfundo. Chomwechonso liu lalitali. Ikani dzanja kunsi kwa chibwano, nimunene pang'onopang'ono compensation, ndiye chipukuta misozi. Chibwano chitsika kanai: com-pen-sa-tion. Mfundo zake nzinai basi.

Tsono mfundozi sizilemera mofanana ai. Mwini Chingerezi amatsindika imodzi, pa zinazo nangodutsa mopepuka, ndipo mukatsindika polakwika kalaliki adzakufunsani kawiri katatu ngakhale malembo onse mwawatchula. Apa ife tili ndi mwai. M'chinenero chathu timakoka mfundo yachiwiri kuchokera kumapeto, monga chi-MA-nga, ndi-ku-PI-ta. Mau otha ndi -tion amateronso: com-pen-SA-tion, ven-ti-LA-tion, ex-am-i-NA-tion. Maina a matenda otha ndi -osis chimodzimodzi: si-li-CO-sis, tu-ber-cu-LO-sis. Lilime lathu linawazolowera kale.

Koma chenjerani, pakuti chizolowezi chomwecho chimatigwetsa pa mau ena amene amalemera kumutu: HOS-pi-tal, AM-bu-lance, DY-na-mite. Ndipo taonani kuchenjera kwake kwa Chingerezi: timati COM-pen-sate, koma mukangoonjezapo -tion kulemera kuja kumasamuka kunka kutsogolo.

Chimene ine ndimakonda koposa ndi ichi: liu lalitali kawirikawiri ndi timau tating'ono tolumikizana. Tengani repatriation. Re- ndi kubwereranso, patria m'Chilatini ndi dziko la makolo. Lonse pamodzi ndi ulendo wobwerera kwanu. Silicosis lichokera ku silica, ndilo fumbi la mwala wolimba umene timaboola pansi, ndipo -osis atanthauza nthenda. Pneumoconiosis ndi Chigriki: pneumon mapapu, konis fumbi. P woyambayo musamutchule, ngwongokhalapo.

Alipo mkulu wake wa onsewa, pneumonoultramicroscopicsilicovolcanoconiosis, wa malembo 45 ndi mfundo 19. Anamupeka ndi Everett Smith wa ku America m'chaka cha 1935, munthu wokonda masewera a mau, osati dotolo. Musataye naye tulo, koma yesani kumudula madzulo ndi anzanu m'komponi. Mupezamo silico ndi coniosis, anansi athu aja, ndipo kulemera kugwera pa O wa pafupi ndi mapeto.

Mau awiri ndifuna muwagwiritse ndithu: silicosis ndi tuberculosis. M'chaka cha 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg linavomereza pangano la marandi 5 biliyoni lolipira amene anatenga matenda awiriwa m'migodi ya golide ya makampani 6 pakati pa 1965 ndi 2019, ndipo ndalamazo anaziika m'manja mwa Tshiamiso Trust. Tulutsani makalata akale a dotolo, anu kapena a atate anu, muone ngati limodzi la mauwa lilipo. Sabata ya mawa tidzadula mau a pa kalata ya malipiro.