Nkhungu yopha anankafumbwe: tiifufuze, koma chimanga chiume

Alimi anzanga, chaka ndi chaka timalimira mabanja awiri: banja lathu ndi banja la nankafumbwe. Chilowereni nankafumbwe wamkulu m'dziko muno kuchokera ku Tanzania kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, chimanga chambiri chimasanduka fumbi mvula isanagwe. Kachiromboka kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, ndipo kamafumbula chimanga, makaka ngakhalenso mitengo ya nkhokwe.

Komatu naye nankafumbwe amadwala. M'nthaka muli nkhungu ina yotchedwa Beauveria bassiana, imene Agostino Bassi wa ku Italy adaonetsa mu 1835 kuti imapha mbozi zopanga silika. Fumbi lake likamatirira pa kachirombo limamera, kuboola khungu ndi kudya za m'kati. Pakapita masiku kachiromboko kamafa ndipo thupi lake limayera mbuu. Kakagwidwa ndi nthendayi, ngakhale kasanafe, kamadya pang'ono ndi kuikira mazira ochepa. Apa ndipo pagona phindu, chifukwa chotisautsa m'nkhokwe ndi kuswana kwa tiziromboti.

Tizirombo tina timadziteteza. Tija tofiira topezeka mu ufa ndi m'madeya timatulutsa timadzi totchedwa benzoquinone, timene timanunkhitsa ufa ndi kuusintha maonekedwe. Timadzi tomweto timalepheretsa nkhungu kumera pathupi pawo. Mu 2015 akatswiri a ku Argentina ndi ku America adaonetsa kuti nayo nkhunguyo imapanga mankhwala ake ofooketsa timadziti. Choncho nkhungu imodzi singaphe tizirombo tonse ta m'nkhokwe mofanana.

Ndiye ine ndikuti akatswiri athu a ku Chitedze, Bvumbwe ndi Bunda aiyese nkhunguyi pa tizirombo tathu, m'nkhokwe zathu, ndipo zotsatira zake zifike kwa alangizi m'chinenero chomveka. Mankhwala othira m'chimanga amafuna ndalama chaka chilichonse, ndipo tizirombo timatha kuwazolowera. Njira ina ndi yofunika, koma mlimi asagulitsidwe chinthu chosayesedwa kuno.

Chenjezo ndi ili: nkhungu imeneyi ndi yosiyana ndi chuku chimene chimamera pa chimanga ndi mtedza wachinyontho. Chukucho chimatulutsa poizoni wa aflatoxin woononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Wina asanyowetse chimanga poganiza kuti akuitana dokotala wa m'nkhokwe. Adzadwalitsa banja lake. Vuto limene akatswiri ayenera kulithetsa ndi lomwelo: nkhungu yopha tizirombo imakonda chinyontho, pamene chimanga chosunga chimafuna kuuma mpaka chinyontho chitsike kufika pa 13 peresenti.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Podikira kafukufukuyo, tiyeni tikolole msanga, tiumitse, titonole, tisese nkhokwe ndi kutentha zinyalala zakale. Chimanga tithire mankhwala monga alangizi anenera, kapena tichitsekere m'matumba a PICS osalowa mpweya.