Akakuitanirani ku mapemphero koma dzina la mpingo akubisa

Kuitanidwa ku mapemphero si chachilendo m'malokeshoni a Blantyre. Pamsika wa Ndirande, pasiteji ya minibasi ku Bangwe, ngakhale pamzere wotunga madzi ku Machinjiri, wina amakupatsa kapepala kapena kukupempha nambala kuti akuike pa gulu la WhatsApp. Ambiri amatchula mpingo wawo, abusa awo ndi malo okumanira. Koma alipo ena amene ukawafunsa amangoti, "Ife si mpingo, timangophunzira Mawu. Mukaona konko." Yankho lotere ndilo limayambitsa manong'onong'o oti awa ndi a zausatana.

Amene amakayika ali ndi zifukwa zawo. Gulu la Shincheonji, lomwe Lee Man-hee adaliyambitsa ku South Korea mu 1984, lakhala likudzudzulidwa m'maiko angapo chifukwa choitanira achinyamata ku maphunziro a Baibulo aulere osatchula mwini wake, mpaka munthu atalowerera. Mu 2020 boma la Singapore lidafufuza nthambi yake ya m'dzikomo pa nkhani yomweyi. Ku Kenya, mu 2023, m'nkhalango ya Shakahola mudafukulidwa mitembo yoposa 400 ya otsatira a Paul Mackenzie, amene akuti adauzidwa kusala kudya kuti akaonane ndi Yesu. Kwathu kuno sizidafike pamenepo, komabe ndani sadamvepo za mayi amene mpamba wa geni yake udathera "kubzala mbewu", kapena wodwala amene adasiya ma ARV chifukwa mneneri wati wachira? Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere.

Koma kukayika nako kudaphapo anthu m'dziko muno, ndipo apa mpofunika kuchedwapo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidayambira ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika mumzinda wa Blantyre. Anthu osalakwa adaphedwa ndi magulu olusa chifukwa chongokhala nkhope zachilendo pamalo, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma ena a kummwera. Palibe namapopa ndi mmodzi yemwe amene adapezeka. Tikabwerera m'mbuyo, a Mboni za Yehova, akatswiri ogogoda pamakomo osaitanidwa, adaletsedwa ndi boma la Dr Kamuzu Banda mu 1967 chifukwa chokana kugula makhadi a chipani. Adamenyedwa, nyumba zawo zidatenthedwa, ndipo zikwizikwi adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chidachotsedwa mu 1993. Ndime 33 ya malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, imateteza ufulu wa chipembedzo, ndipo mbiri imeneyi ikusonyeza chifukwa chake.

Palinso umphawi. Felowoshipu yopemphera m'kalasi ya pulayimale ku Zingwangwa kapena pabalaza la munthu ku Chilomoni ilibe chikwangwani chifukwa ilibe ndalama ya penti, osati chifukwa ikubisa mutu wa munthu. Mipingo ina yotchuka lero idayambanso choncho.

Komatu umphawi suletsa munthu kutchula dzina. Wa Mboni akafika pakhomo, magazini ya Nsanja ya Olonda ili m'manja ndipo Nyumba ya Ufumu aliyense akuidziwa. Wa Mvano wa CCAP yunifolomu imamuulula asanayankhule. Mukhoza kukana chiphunzitso chawo, koma mukudziwa chimene mukukana. Amene akubisa dzina akukulandani mwayi umenewo, chifukwa akudziwa kuti mukalimva mukafunsa anzanu kapena mukafufuza pa intaneti. Kwa ine, udindo wochotsa chikayiko uli pa woitana, osati woitanidwa.

Choncho funsani mwaulemu: mtsogoleri wanu ndani, mumakumana kuti, ndingabwere ndi amuna anga kapena mchemwali wanga? Akamazemba, kapena akati musauze abale ndi abusa anu, musapite, musapereke nambala, ndipo musalole ana kupita okha. Ngati mwaona zakuba kapena zozunza anthu, kanenani kwa mfumu ya dera kapena kupolisi. Koma musakuwe, musatole mwala, ndipo musatumize chithunzi cha munthuyo pa Facebook mukumutcha wausatana pomwe umboni mulibe.