Bawo ya ana ndi iti, abambo inu?



Sabata ino ndabwera ndi mlandu, ndipo oimbidwa mlanduwo ndi akatswiri a bawo. Inde, inu amene mumakhala pamabenchi a m'misika kuyambira ku Chimbiya mpaka ku Bembeke, nkhomo zili gobedegobede pathabwa. Muli ndi mawu amodzi omwe mumakonda kulavula mukaona wina akuyala nkhomo ziwiriziwiri m'bowo lililonse: "Imeneyo si bawo, ndi ya ana." Ine ndikuti mawu amenewo ndi abodza, ndipo ndi omwe akupha masewera amene mumati mumawakonda.

Tiyambe ndi zomwe sitingakanganepo. Thabwa ndi limodzi lomwelo: mizere 4, mabowo 8 mzere uliwonse, onse pamodzi 32, nkhomo 64, aliyense zake 32. Kusiyana kuli pa kayalidwe. Bawo ya akatswiri ili ndi nyumba, bowo lija la makona anayi. M'nyumbamo mumalowa nkhomo 8, mabowo awiri oyandikana nayo cha kumanja ziwiriziwiri, ndipo 20 zotsalazo zimakhala m'manja, n'kumaponya imodziimodzi nthawi yako ikafika. Bawo inayo ilibe zosunga m'manja. Zonse 64 zimayalidwa pachiyambi pomwe, ziwiri bowo lililonse, nyumba n'kukhala bowo wamba ngati anzake.

Tsono funso langa nali. Nkhomo za m'manja zija zikatha, nyumba itagumuka, mumasewera chiyani? Si mumatola nkhomo za m'bowo limodzi n'kumazigawa, kudya pomwe pali chodya, kutakata pomwe palibe, mpaka mzere wakutsogolo wa mnzanu utayera mbee? Nanga imeneyo ikusiyana pati ndi ya ana ija? Chigawo chachiwiri cha masewera anu ndi chomwe mumachinyozacho. Mwana amene wazolowera ya ziwiriziwiri waphunzira kale kuwerenga mabowo m'mutu, kuona pomwe dzanja lake likagone, ndi kutchinga kuti asadyedwe. Chomutsalira ndi nyumba basi.

Ena mumati, "Ife tikusunga bawo yeniyeni ya makolo." Makolo ake ati? Dzina lomweli linachokera ku Chiswahili, komwe bao ndi thabwa, ndipo bawo ya nyumbayi inalowa kuno potsata njira za malonda a kugombe, m'manja mwa anzathu Achiyao. Ku Zanzibar, komwe amaitama kwambiri, m'nyumba amaikamo nkhomo 6, m'manja n'kutsala 22. Ife kuno timaika 8, m'manja 20. Ndiye tinene kuti Amalawi tonse tikusewera yabodza, eti? Kapena tinene kuti aku Zanzibar ndiwo akuphonya? Ngati makolo athu anali ndi ufulu woonjezera nkhomo ziwiri m'nyumba, inu ufulu wonena kuti mtundu ndi umodzi wokha mwautenga kuti?

Chaka cha 1913, dokotala wina wachingelezi amene ankagwira ntchito m'dziko muno, Meredith Sanderson, analemba za masewera a nkhomo omwe anawaona kuno. Sanapeze mtundu umodzi ayi, anapeza ingapo, uliwonse ndi dzina lake ndi malamulo ake. Mpaka lero ntchuwa yokumba pansi ilipo, yosafuna mmisiri kapena ndalama, koma dothi ndi timiyala. Tsidya ku Mozambique amati ntxuva, ku Zambia amati nsolo. Ku Uganda ali ndi omweso, mabowo 32 ndi nkhomo 64 ngati ife, koma kadyedwe kake n'kosiyana. Ku Ghana ali ndi oware, mizere iwiri yokha ya mabowo 6, nkhomo 48. Onsewa ndi ana a mimba imodzi. Palibe wa pathengo pamenepa.

Musandimve molakwa. Sindikukana kuti bawo ya nyumba ndi yakuya. Kudziwa nthawi yosunga nyumba ndi nthawi yoigumula ndi luso, ndipo amene ali nalo ndimamuvulira mpango. Sindikukananso kuti pampikisano pamafunika lamulo limodzi. Koma lamulo la mpikisano ndi mgwirizano wa tsikulo, si chiweruzo choti enawo sakusewera.

Ife a pamsika zimenezi timazidziwa bwino. Mbatatesi yomweyo wina amagula pamulu, wina pandowa, wina pasikelo. Palibe amene amati wogula pamulu sanagule mbatatesi. Chomwe chimabweretsa ndewu ndi kuyamba kutchula mtengo musanagwirizane muyeso. Pabawo ndi chimodzimodzi. Mikangano yambiri yomwe ndimaimva ndili pabenchi langa siyokhudza luso ayi. Wina akuti kuwerenga mabowo ndi chala n'kubera, mnzake akuti kwawo amalola. Wina akuti ukagwira nkhomo wagwira basi, mnzake akufuna kubweza. Zonsezi zikanatha ndi funso limodzi nkhomo isanagwe: "Tikusewera iti, ndipo malamulo ake ndi ati?" Koma ayi, munthu amadikira aone kuti akugonja, kenako n'kutulutsa lamulo la kwawo m'thumba ngati ndalama yobisa.

Tsono taonani amene mawu aja a "ya ana" amawathamangitsa. Woyamba ndi mnyamata amene waima kumbuyo kwanu masabata angapo akusirira. Akangoyala ziwiriziwiri, mwamuseka. Mawa sabweranso. Mukamupeza ali pafoni akubetcha mpira wa ku England ndi ndalama ya ganyu, inu nomwe n'kumadandaula kuti ana a masiku ano sakonda za makolo. Anawathamangitsa ndani? M'mera mpoyamba, abambo. Simungazule mbande n'kumayembekeza kabichi.

Wachiwiri ndi ife amayi. Ambiri a ife tinaphunzira ya ziwiriziwiri kapena ntchuwa tili atsikana, pabwalo, ntchito zitatha. Ine ndinakhalapo pathabwa tsiku lina malonda ataphwa, bambo wina n'kundiuza kuti ndikasewere phada. Phada ndimamudziwa, zikomo, koma tamvani. Mzimayi amene amawerengera chenje cha makasitomala atatu nthawi imodzi, akukumbukira ngongole ya dzana ndi mtengo wa thumba lomwe wapikula m'mawa, mukuti sangawerenge mabowo 16? Vuto si mutu wathu. Vuto n'lakuti mwaika mlonda pakhomo, ndipo mlondayo ndi mawu aja.

Zikapitirira chonchi, bawo itsala m'manja mwa osema okha. Matabwa okongola opindika aja azingogulidwa ndi alendo, n'kukakhala pashelefu ku London ngati chokongoletsa, nkhomo zake zosagundidwa chaka chathunthu, kuno mabenchi atatsala ndi madala atatu okumbutsana zakale.

Pempho langa silofuna ndalama ya boma. Katswiri aliyense akhale ndi mitundu iwiri m'manja mwake. Wobwera kumene musewere naye ya ziwiriziwiri, osaseka, ndipo akakhwima mumulowetse m'nyumba. Aphunzitsi amene muli m'gulu muno, ntchuwa imangofuna bwalo la sukulu ndi timiyala, ndipo ndi masamu okhaokha. Okonza mipikisano, lembani malamulo papepala anthu asanakhale pansi, ndipo ikani chigawo cha ya ziwiriziwiri kuti achinyamata ndi amayi alowe nawo.

Ndipo inu amene mukuumirirabe kuti ndi ya ana, bwerani kuno ku Dedza ndi juzi yanu. Tiyale ziwiriziwiri, mundidye msanga poti ndi yophweka. Mukalephera, mugula ndowa ya mbatatesi osanenerera.