KUCHEZA PAKHONDE: Nyanja ya Chilwa Nayonso Ifuna Sabata

Mwezi uno tikambirane za kansomba kamene ife a ku Phalombe tonse tinakulira, ndiko matemba. Pamsika wa Migowi kapena wa Chiringa, mayi amene alibe ndalama ya nyama amagula kamulu ka matemba, nabwerera kunyumba ali ndi ndiwo ya banja lonse. Temba limadyedwa lathunthu, mutu ndi minga yomwe, ndipo chifukwa cha ichi limalimbitsa mafupa a ana. Tsono tsiku limene matemba adzasoŵe, oyamba kulira adzakhala osauka.

Matemba athu ambiri amachokera m'nyanja ya Chilwa, imene timagaŵana ndi abale athu a ku Zomba ndi a ku Machinga. Nyanjayi ndi yosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake, komabe m'zaka zabwino yatulutsapo matani a nsomba opitirira 20,000. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasanduka bwalo louma. Nanga nsomba zinabwerera bwanji? Matemba, makumba ndi milamba yoŵerengeka inabisala m'madambo ndi m'maiŵe a mitsinje yothira m'nyanjayi, monga Phalombe ndi Likangala, ndipo madzi atadzaza zotsalazo zinaswana. Mu 1995 mafumu pamodzi ndi a Dipatimenti ya Nsomba analetsa anthu kuthira katupe m'maiŵe ameneŵa, ndipo anachita bwino. Chilala sichimaliza nsomba ngati mbeu yatsala. Chimene chimamaliza nsomba ndi munthu wopha mbeuyo.

Kuti tione kuti munthu angathe kupululadi nsomba ngakhale m'madzi osaphwa, tiyeni tiyang'ane kutali pang'ono. Ku Ulaya kuli nsomba yotchedwa herring, imene imayenda m'magulu aakulu monga achitira usipa wa m'nyanja ya Malaŵi. Kwa zaka mazanamazana inali ndiwo ya anthu wamba. Koma m'zaka za m'ma 1960 kunabwera sitima zokhala ndi makina oonera kumene kuli nsomba, ndi makoka otha kuzinga gulu lonse nthaŵi imodzi. Nsomba zambiri sizinapite m'mbale za anthu, koma zinagayidwa kukhala chakudya cha ziŵeto. Kufupi ndi Norway herring inatsala pang'ono kutheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo panapita zaka pafupifupi 20 kuti ichulukenso. M'nyanja ya North Sea maboma anatseka usodzi wake mu 1977 kwa zaka zingapo. Asodzi analira, mafakitale ena anatsekedwa, koma nsomba zitapuma zinayambanso kuchuluka.

Kwathu kuno phunziro lomweli talionera ku nyanja ya Malombe, m'boma la Mangochi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 asodzi ankaphako matani zikwizikwi a chambo chaka chilichonse. Makoka a maso aang'ono atachuluka, pamodzi ndi khoka la nkacha limene limakwekwereza pansi pa nyanja, ana a chambo anaphedwa asanakule ndipo malo oswanirana anaonongeka. Pofika m'zaka za m'ma 1990 chambo cha m'Malombe chinali chitaloŵa pansi.

Wina anena kuti, koma m'Chilwa mulibe sitima zikuluzikulu. Nzoona. Koma mtima umene unali m'sitima za ku Ulaya ungathe kukwera bwato. Mwini makoka amene alemba anyamata aganyu, nasokerera neti yoteteza ku udzudzu pakati pa khoka lake, amakokolola zonse, temba la mazira ndi kamwana kosaoneka ndi maso komwe. Nkhalamba ya mono umodzi ndi msodzi wa mbedza amabwerera chimanjamanja, pamene phindu la nyanja yonse likuloŵa m'thumba la anthu oŵerengeka. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Malamulo alipo. Lamulo losamalira nsomba la mu 1997 linapereka mpata woti anthu a m'midzi, kudzera m'makomiti a m'madoko monga la Swang'oma, aziyang'anira nyanja pamodzi ndi boma. Chaka chilichonse, kuyambira mu Disembala, makoka amaletsedwa m'Chilwa kwa miyezi ingapo, popeza nyengo ya mvula ndiyo imene matemba amakwera m'mitsinje ndi m'madambo kukaikira mazira. Koma lamulo limafooka pamene wa komiti alandira kangachepe, ndi pamene wogula safunsa.

Kwa ife Akhristu nkhaniyi si yachilendo. Pa Deuteronomo 22:6-7 Aisraeli analamulidwa kuti akapeza chisa cha mbalame asatenge make pamodzi ndi ana, kuti zinthu ziŵayendere bwino. Pa Levitiko 25 nthaka nayonso inapatsidwa chaka chake chopumula. Ngati Mulungu anaganizira kambalame ka pachisa ndi munda wosalankhula, kodi angaiŵale temba la mazira? Miyezi yotseka makoka ndiyo sabata ya nyanja, ndipo woiswa akuba chakudya cha ana amene sanabadwe.

Tsono tichitenji? Inu amayi a Mvano, mukaona tinsomba tonga fumbi pamsika, tidutseni, pakuti chimene chilibe wogula sichikhala ndi wochipha. Neti imene munalandira kuchipatala ikhale pamwamba pa mphasa ya mwana wanu, isapite kudoko. Inu achinyamata amene mumapeza ganyu ya khoka, tidziŵa kuti miyezi yotseka ndi miyezi yomwenso ya njala. Konzekerani nyengo imeneyi nsomba zikadali zambiri, posunga kandalama ndi kulima dimba kapena mpunga. Inu abambo eni makoka amene mumakhala nafe pa Mgonero wa Ambuye, khoka lanu likhale loyera monga chopereka chanu. Ndipo inu akulu a mpingo amene muli m'makomiti a m'madoko, musaope nkhope ya wolemera.

Nyanja ya Chilwa inabwerera katatu konse ife tikuona, chifukwa mbeu inatsala. Tiisiyire mbeu, ndipo Mwini wake adzachita zotsalazo. Ambuye akusungeni kufikira tidzachezenso mwezi wamaŵa.