Pamanda Tizilalikira Kuuka kwa Thupi

Aliyense amene amakhala nawo pa maliro a Chikhristu, kuyambira usiku wa nyimbo pasiwa kufikira pamene adzukulu aponya dothi lotsiriza, adzavomereza kuti ulaliki wa masiku ano uyenda m'njira imodzi: kuti malemu apita kukapumula, kuti mzimu wawo uli m'manja mwa Chauta, ndi kuti ife otsala tikonze mayendedwe athu. Mawu amenewa si oipa, ndipo mayi wamasiye amatonthozeka nawo. Koma ine ndinena kuti ndi theka chabe la chiphunzitso cha Malembo, ndipo theka limene tilisiya ndilo limene atumwi anamangidwira maunyolo.

Makolo athu, amishoni asanaponde dziko lino, ankadziwa kale kuti munthu akamwalira mzimu wake sutha, n'chifukwa chake ankathira nsembe za ufa ndi mowa kukachisi. Agiriki nawonso, potsata Plato, ambiri ankakhulupirira kuti mzimu sufa. Tsono pamene Paulo anaimirira pa Areopagi mu Atene, monga tiwerenga pa Machitidwe 17, anzeru a mumzindawo anamtchera khutu modekha kufikira atatchula za kuuka kwa akufa, ndipo pomwepo ena anayamba kumseka, ena namuuza kuti adzamumvanso tsiku lina, ngakhale Dionisiyo ndi mayi wina dzina lake Damarisi anakhulupirira. Akadangonena kuti mzimu umapita kwina, sakadamseka. Chachilendo chinali chakuti thupi lomwelo, limene liikidwa m'manda nilivunda, Mulungu adzaliukitsa.

Ku Korinto, mumpingo mwenimwenimo, munali ena okana kuuka, monga Asaduki anakanira pamaso pa Yesu ndi nkhani yawo ija ya mkazi wokwatiwa ndi abale asanu ndi awiri. Paulo sanawanyengerere. Pa 1 Akorinto 15 ayamba ndi kuwerenga mboni, ndiwo Kefa, khumi ndi awiriwo, abale oposa 500 amene ambiri a iwo anali akali moyo, Yakobo, ndi iye mwini potsiriza. Kenaka awauza kuti ngati akufa saukitsidwa ndiye kuti Khristunso sanaukitsidwe, ndipo kulalika konse ndi chikhulupiriro chonse zili chabe. Kwa wofunsa za maonekedwe a thupilo, iye aloza kumunda, kumene mbewu yofesedwa iyamba yafa isanamere, ndipo chomeracho chiposa mbewuyo kutalitali, chingakhale chichokera mwa iyo. Alembi a Uthenga Wabwino nawo anasamala kutiuza kuti Ambuye ataukawo anadya nsomba yootcha naonetsa Tomasi zipsera za misomali. Mabishopu amene anasonkhana ku Constantinople m'chaka cha 381 anaika chiyembekezo chimenechi kumathero kwa chikhulupiriro chawo, ndipo Akatolika, a CCAP ndi a Anglican amatchulabe chiyembekezochi popembedza, kaya mtima uli pomwepo kaya ayi.

Wina adzati imeneyi ndi mikangano ya ophunzira zaubusa, yopanda phindu kwa anamfedwa. Ine ndikana. Munthu amene akhulupirira kuti thupi ndi chikopa chotayidwa sadzavutika mtima poona thupi la mbale wake likufota ndi njala kapena matenda. Ndipo kodi si kawirikawiri timaona wodwala akugona m'chipatala wopanda womphikira phala, koma atatsikira kulichete abale natulukira ndi bokosi la mtengo wapatali ndi chiliza chonyezimira? Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndipo ananena zoona. Koma ngati Mulungu aliwerengera thupi kotero kuti adzaliitana kutuluka m'fumbi, ulemu wake uyenera kuyamba mwini wake akali kupuma. Ndiponso alaliki aja amene amadzudzula olira, ngati kuti misozi ndi kusakhulupirira, akumbukire kuti ku Betaniya Yesu analira pamanda a Lazaro akudziwa bwino lomwe chimene anali pafupi kuchita.

Koma kumene chiphunzitsochi chifunika koposa ndi kwa iwo amene analibe mtembo woika. Namondwe wa Freddy atagwa m'mwezi wa Marichi 2023, matope otsika m'mapiri anakwirira anthu ku Chilobwe mu Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo matupi a ena sanapezeke konse. Mabanja amenewo alibe manda oti akalimire, alibe mtumbira woti asonyeze ana. Kuwauza kuti mzimu ukupumula kuwasiyira funso limene liwasowetsa tulo, lakuti nanga thupi la mwana wawo lili kuti. Danieli 12 anena za ogona m'fumbi kuti adzauka, ndipo Chivumbulutso 20 chinena kuti ngakhale nyanja idzapereka akufa amene ali m'menemo. Mbusa wopita kukacheza ndi mabanja otere atsegule pamenepo.