Mfuti adatula mu 1994, za mumtima akadasenzabe

Abale anga a ku Kambulatsitsi, a ku Zóbuè ndi inu nonse a m'midzi ya m'malire muno, sabata ino tikambirane za amuna aja timakhala nawo pamaliro ndi pamowa, amene timangoti "adali ku tropa", kapena tikatsitsa mawu, "adali kutchire". Pa 4 Okutobala chaka chilichonse timakumbukira tsiku limene a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama adasainirana mtendere ku Roma m'chaka cha 1992. Akuluakulu amayala nkhata za maluwa, amalankhula, ife a pawailesi timaulutsa. Koma munthu amene adanyamula mfutiyo kawirikawiri amaima kumbuyo kwa khamu, chipewa chili m'manja, ndipo palibe womupatsa mpata woti anene zimene maso ake adaona.

Ine ndikuti tiwamvere anthuwa, a mbali zonse ziwiri, asanathe kupita kuli chete. Mnyamata amene adatengedwa ali ndi zaka 18 m'chaka cha 1984 adabadwa mu 1966. Werengani nokha zaka zake lero.

Choyamba chimene mungamve mukakhala nawo pansi n'chakuti ambiri sadasankhe mbali. Boma lidakhazikitsa lamulo la usilikali wokakamiza m'chaka cha 1978, ndipo papepala padalembedwa zaka ziwiri. Koma nkhondo itakula, zaka ziwirizo zidasanduka zisanu, kwa ena khumi, popeza padalibe wodzalowa m'malo mwawo. Achinyamata ankatoledwa pamsika, pasukulu, ngakhale potsika basi, pa chimene anthu adachitcha tira-camisa, chifukwa ogwidwawo ankawavula malaya kuti akathawa adziwike. Mbali inayo, a Renamo, amene kumudzi tidawazolowera ndi dzina loti a Matsanga kuchokera kwa mtsogoleri wawo woyamba André Matsangaissa, ankafika usiku n'kutenga anyamata pamodzi ndi mbuzi ndi ufa. Mwana amasenzetsedwa katundu wa kwawo komwe mpaka kumsasa, ndipo akafika kumeneko njira yobwerera adali atayiiwala. Motero mayi mmodzi amatha kukhala ndi mwana ku Frelimo, wina ku Renamo, osati kamba ka ndale ayi, koma kamba ka amene adayamba kufika pakhomo.

Chachiwiri chimadabwitsa ana a masiku ano amene nkhondo amaionera m'mafilimu a pamsika. Msilikali wakale sayamba ndi nkhani ya kuombera. Amayamba ndi mapazi. Amakamba za kuyenda usiku wonse ndi nsapato zong'ambika kapena wopanda nsapato, AKM ya makilo pafupifupi anayi ili paphewa, zipolopolo m'chiuno, mwinanso chipolopolo cha bazuka kapena cha mtondo wa nkhondo chili pamutu. Amakamba za nsabwe, za malungo opanda mankhwala, za chilonda chimene chidachita mphutsi. Koposa zonse amakamba za njala ndi za mchere. Wa boma amakumbuka malipiro ochedwa miyezi ndi chakudya chosafika ku kwartelo. Wa kutchire amakumbuka gandira, ntchito ya thangata ija imene anthu wamba, makamaka amayi, ankakakamizidwa kusenza chakudya ndi katundu mitunda yaitali. Ena amaikamba gandira akuyang'ana pansi, chifukwa amadziwa kuti amene ankasenza aja adali amayi a anzawo, ndipo ena mwa amayiwo ali moyo m'mudzi momwemo.

Ife a chigawo chino nkhondo idatipeza chifukwa cha njanji ndi msewu. Njanji ya Sena, imene imachoka ku Moatize kudzera pa Kambulatsitsi pompa, Doa ndi Mutarara mpaka ku Beira, idasiya kuyenda m'zaka za m'ma 1980, ndipo mlatho waukulu wa Dona Ana udaphulitsidwa mu 1986. Malasha adangounjikana ku Moatize opanda chowanyamula, udzu n'kumera pakati pa zitsulo za njanji. Mpaka 2011 ndi pamene sitima ya malasha idayambanso kutsikira ku Beira. Mwana amene lero amaimika dzanja kupatsa moni sitima zopita ku Beira ndi ku Nacala sadziwa kuti agogo ake ena adagona m'ngalande kulondera njanjiyo, pamene agogo ena adatumidwa kudzaizula.

Msewu ndiye udali ndi koluna. Malori a katundu wa ku Malawi ankasonkhana ku Nyamapanda, kumalire a Zimbabwe, n'kuyenda pamndandanda umodzi moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, kuoloka Zambezi pa Tete mpaka kudzafika pa Zóbuè. Amene adalondera msewu umenewo amati choopsa sichidali mdani woonekera, koma dothi. Galimoto yotsogola imayenda aliyense ataponya maso pansi, kufunafuna pamene phula lakumbidwa kapena pamene mchenga waoneka wachilendo. Bomba lokwirira silifunsa kuti ndiwe wa chipani chiti, ndipo lija laling'ono lopondedwa ndi munthu, ngakhale phazi la mwana wopita kukatunga madzi limaliphulitsa. Mu Disembala 1990 mbali ziwiri zidagwirizana ku Roma kuti asilikali a ku Zimbabwe azikhala m'njira za Beira ndi Limpopo zokha. Ataichoka njira ya Tete, malori adayamba kutenthedwa kwambiri mpaka eni ake adayamba kuzungulira ku Zambia. Pepala losainidwa kutali chotero lidasintha tulo ta munthu wa pa Zóbuè. Ndipo tisaiwale kuti nako kutsidya kuli madala a Malawi Army amene kuyambira 1987 adalondera njanji ya Nacala, ndipo ena mwa anzawo adatsalira komweko.

Mabomba okwirirawo adatenga nthawi yaitali kuposa nkhondo yeniyeniyo. Dziko la Mozambique lidalengezedwa kuti mabomba odziwika onse achotsedwa mu Seputembala 2015, patatha zaka pafupifupi 23 chisainireni mtendere, ndipo ambiri mwa anthu amene adagwira ntchito yowazula adali asilikali akale omwewo. Dzanja limene lidakwirira ndi limene lidadziwa pofukula.

Nanga adabwerera bwanji kumudzi? Bungwe la United Nations lidatumiza gulu lake la ONUMOZ, ndipo asilikali a mbali zonse adasonkhanitsidwa m'misasa 49, ya boma 29 ndi ya Renamo 20. Maganizo adali oti papangidwe gulu limodzi lankhondo la anthu 30,000, koma odzipereka adangokwana pafupifupi 12,000. Anthu adali atatopa nayo mfuti. M'chaka cha 1994 ena adafika potseka misewu, kufuna kuti awamasule msanga azipita kwawo. Oposa 90,000 adachotsedwa usilikali chisanafike chisankho cha Okutobala 1994. Aliyense adalandira khadi, zovala za anthu wamba, khasu, mbewu, galimoto yomufikitsa kumene wasankha, ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri. Zaka ziwirizo zitatha, basi, kwatha. Ana aang'ono amene adanyamula mfuti, ndi amayi ambiri amene adasungidwa m'misasa ngati akazi a asilikali, m'kaundulayo sadalowemo n'komwe.

Pofika pamudzi ena adapeza kuti adaliridwa kale, abale adameta, mkazi adakwatiwa kwina ndipo ali ndi ana a mwamuna wina. Ena adapeza bwinja, popeza makolo adali atathawira ku Malawi, kumene kudasonkhana othawa nkhondo opitirira miliyoni imodzi, ena m'misasa ngati Chifunga ndi Luwani, ena m'midzi ya achibale. Wothawa ndi womuthawitsa adabwerera nthawi imodzi, n'kuyamba kutunga pachitsime chimodzi.

Apa ndi pamene makolo athu adachita chinthu chimene ine sindichinyoza. Boma lidakhazikitsa lamulo la chikhululukiro mu 1992, ndipo kuno sikudakhale bwalo lofufuza choonadi monga lija adachita ku South Africa kuyambira 1996. M'midzi yambiri wobwera kunkhondo amasambitsidwa mankhwala asanalowe m'nyumba, zovala za kunkhondo zimatenthedwa, akuluakulu amathira nsembe ya ufa kudziwitsa mizimu kuti mwana wabwera. Ena adapita kutchalitchi kukalapa ndi kupemphereredwa. Zikatha zimenezo amauzidwa kuti za kumeneko zatsala kumeneko, usazitchulenso. M'mudzi mmene aliyense amadziwa amene adatentha nkhokwe ya mnzake, kutseka pakamwa kudapulumutsa miyoyo. Pakadakhala kulozana zala m'chaka cha 1994, maliro akadachuluka kuposa a nkhondo.

Komatu pakamwa pokha ndi pamene padatsekedwa. Funsani amayi amene akhala zaka 30 ndi amuna amenewa. Iwo ndiwo amadziwa za bambo wodzidzimuka pakati pa usiku thukuta lili kamukamu, wokana kukhala mofulatira khomo, wogwa chafufumimba tayala la lori likaphulika pamsewu, wosafuna kuona mbuzi ikuphedwa. Ndiwo amadziwa kumene kumathera ndalama ya fodya ndi ya makala, ndiponso ndiwo amalandira chibakera chimene mwini wake m'mawa sachikumbukira. Ife timangoti wapenga, kapena kachasu wamupweteka, kapena ali ndi mzimu wa munthu amene adamupha. Ku Gorongosa anthu amaitcha mizimu yotere magamba, ndipo katswiri wa kwathu konkuno a Victor Igreja adakhala zaka zambiri akufufuza mmene mizimuyo imakakamizira mabanja kukamba zimene adazibisa. Madokotala ali ndi dzina lawolawo la nthendayi. Kaya mutsata dzina liti, chimene chilipo n'chakuti chithupsa chosatumbula chimadya mnofu.

Wina anena kuti kukumba zakale n'kuitana nkhondo. Koma kodi kukhala chete kudailetsa kubweranso? M'zaka za 2015 ndi 2016 mfuti zidaliranso kumbali ya Nkondedzi ndi midzi yoyandikana nayo, ndipo anthu oposa 10,000 adaolokera ku Kapise m'boma la Mwanza, mpaka msasa wa Luwani udatsegulidwanso. Ena mwa amene adagwira mfuti nthawi imeneyo adali amuna a imvi, omwe aja a mu 1994, amene ankadandaula kuti adaiwalika. Lamulo lozindikira omenya nkhondo lidatuluka mu 2011, koma madandaulo a penshoni sadathe. Mtendere wina udasainidwa ku Maputo pa 6 Ogasiti 2019 pakati pa a Filipe Nyusi ndi a Ossufo Momade, anthu a Renamo 5,221 adalembedwa kuti atule zida, ndipo msasa wawo womaliza udatsekedwa ku Gorongosa mu Juni 2023. Ulendo uno nkhani ya penshoni idaikidwa patsogolo. Phunziro limene likadaphunziridwa pongomvera madala pansi pa mtengo lidagulidwa ndi magazi kachiwiri.

Chimene chandikakamiza kulemba n'china. Kuyambira Okutobala 2017, pamene zigawenga zidaukira Mocímboa da Praia, ana athu akhala akutumizidwa ku Cabo Delgado, ndipo kumapeto kwa 2023 nyumba ya malamulo idavomereza kuti usilikali wokakamiza uchoke pa zaka ziwiri kufika zisanu. Anyamata amenewa akubwerera m'midzi yathu ino. Nkhondo yawo ndi ina, ya m'nkhalango za kugombe ndi mafoni m'thumba, koma maso awo ndi omwe aja. Mnyamata wotere sangauze mayi ake zimene adaona, sangauze bwenzi lake, ndipo ine wa pawailesi angondiseka, popeza a msinkhu wanga nkhondo ya zaka 16 tidaimvera kumsana kwa amayi. Amene angakhale naye pamphasa n'kumvana naye, ngakhale osalankhula zambiri, ndi mdala uja tidamuuza kuti atseke pakamwa. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo lake ife talitchinga ndi minga.

Kumvera kumene ndikunena si kwa pamsonkhano wa chipani, ndipo si mlandu wa kwa mfumu. Mdzukulu akhale ndi agogo ake madzulo pokazinga chimanga. Asayambe ndi funso lachibwana lija loti mudapha angati. Afunse kuti adakutengani kuti, munkadya chiyani, mnzanu wapamtima adali yani ndipo adatsalira pati. Funso lomalizali ndi lofunika zedi, chifukwa m'midzi muno muli mabanja amene mpaka lero sadziwa kumene mwana wawo adaikidwa, pamene munthu amene adakumba nawo dzenjelo amakhala tsidya la mtsinje. Mdala akakana kulankhula, musiyeni, ndi ufulu wake. Akayamba kulira, musamuuze kuti mwamuna salira. Amene ali ndi foni yojambula mawu ayambe wapempha chilolezo, ndipo zimene wajambulazo zikhale za banja, osati zoponya pa WhatsApp.

Inu a mipingo ndi inu mafumu, mukamakonza mwambo wa pa 4 Okutobala chaka chino, siyani mpando umodzi wa amene adali ku tropa, wina wa amene adali kutchire, ndi wachitatu wa mayi amene adasenza gandira. Ndipo inu ana a madalawa, kafufuzeni m'sutikesi khadi lija la ONUMOZ ndi mapepala ena a usilikali, muwachotse kumene kuli chiswe ndi kudontha, mukawajambulitse mukapita ku Moatize. Ku ofesi yoona za omenya nkhondo amayamba kufunsa pepala asanafunse chipsera.